Mafunso ndi mayankho: ma thermistor a 100k poyeza kutentha osatha batire

Anthu amene amapanga timakina toyeza kutentha toyendera batire, kaya ndi mu incubator ya mazira, mu filiji, m'balani ya fodya kapena pa mabatire a sola, mafunso awo amakhala omwewo omwewo. Ambiri amayamba ndi thermistor ya 10k, kutanthauza ya ma ohm 10,000, poti ndi imene ili paliponse, kenaka akamva kuti kuli ya 100k ngakhale ya 1M, ya ma ohm miliyoni, amaganiza kuti yayikuluyo ndiye yathetsa zonse. Ndineneretu maganizo anga: ya 100k ndi yabwino zedi ndipo ndimaikonda, koma kalenti imene mwapulumutsayo mumailipira kwina, pa chinyezi, pa mawaya ndi pa ADC, gawo la chip limene limasandutsa voltage kukhala nambala, ndiye ndi bwino mudziwiretu musanagule.

Kodi thermistor ndi kachani kwenikweni?

Ndi ka resistor kamene resistance yake, kutanthauza mmene kamakanizira magetsi kudutsa, imasintha ndi kutentha. Zilipo mitundu iwiri, NTC ndi PTC. Ya NTC ikatentha resistance imatsika, ya PTC imakwera, ndipo zimene tikukamba pano kwambiri ndi za NTC. Mkati mwake ndi ufa wa ma oxide a zitsulo monga manganese, nickel ndi cobalt, amaumba nkuwotcha pa moto waukulu mpaka kuuma gwa, kenaka amaika timiyendo tiwiri nkukuta ndi galasi kapena epoxy. Michael Faraday ndi amene anayamba kuona khalidweli mu 1833 akuyesa silver sulfide, koma zoti nkugulitsa zinadzabwera m'zaka za m'ma 1930 ndi ntchito ya Samuel Ruben.

Ngati muli nayo ya 100k ikani pa multimeter, mugwire kamutu kake kokha ndi zala ziwiri. Muona nambala ikutsetsereka kuchoka cha m'ma 100k kupita cha m'ma 70k m'masekondi ochepa, mukasiya ikukweranso pang'onopang'ono. Musagwire miyendo yonse iwiri ndi zala, thupi lanu nalo limadutsitsa magetsi ndiye mita ikunamizani.

Manambala awa a 103, 104, 3950 akutanthauza chani?

103 ndi 10k, 104 ndi 100k, 473 ndi 47k, nambala yomalizayo ndi maziro amene mukuwonjezera. Ndipo resistance imeneyo ndi ya pa madigiri 25 basi, osati nthawi zonse. Nambala ina ija, 3950 kapena 3435 kapena 4250, imatchedwa B, imakuuzani kuti resistance ikugwa mwa liwiro lanji kukamatentha. Ya B 3950 pafupi ndi madigiri 25 imasintha ndi 4.4 peresenti pa digiri iliyonse, zimene ndi zambiri kwabasi mukayerekeza ndi PT100, sensa ya platinum ya ma ohm 100, imene imangosuntha ndi ma ohm 0.385 pa digiri.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, ya 100k B 3950 imakhala cha m'ma 330k pa madigiri 0, cha m'ma 260k pa madigiri 5, pafupifupi 59k pa 37.5, 25k pa 60 ndipo pa madigiri 100 yatsala cha m'ma 7k. Kukazizira mpaka -20 ili pafupi ndi 1M. Manambala amenewa muwasunge chifukwa mayankho ambiri mmunsimu akuchokera pomwepa.

Ndiye resistance yayikulu imapulumutsa bwanji batire?

Thermistor simaiwerenga yokha. Mumailumikiza motsatana ndi resistor wamba, pamwamba magetsi pansi ground, nkuyeza voltage ya pakati pawo. Njira imeneyo ikakhala yolumikizidwa kalenti ikuyenda usana ndi usiku ngakhale palibe amene akuwerenga. Pa 3.3V, thermistor ya 10k ndi resistor ya 10k zimadya 165 µA. (Ma µA 1,000 ndi 1 mA.) Mukaika 100k ndi 100k zimadya 16.5 µA, ndipo 1M ndi 1M ndi 1.65 µA yokha.

Kabatire kaphwatalala ka CR2032, kaja ka mu kompyuta ndi m'makiyi a galimoto, kali ndi cha m'ma 220 mAh. Ndi 10k kamatha m'masiku 55 osachita china chilichonse, kungodyetsa ma resistor awiriwo. Ndi 100k kamafika chaka ndi theka. Ndi 1M pa masamu ndi zaka 15, koma pamenepo batire limakhala lafa kale lokha ndi ukalamba. Ndiye mukuona kuti kudumpha kuchoka 10k kupita 100k nkopindulitsa kwambiri pomwe kuchoka 100k kupita 1M phindu lake ndi la pa pepala.

Zimafikanso poti chip yeniyeniyo ikugona koma thermistor ndi imene ikumaliza batire. Chip ya ESP32 ikagona tulo tofa nato imadya cha m'ma 10 µA, ATmega328P ya mu Arduino Uno imatha kutsika pansi pa 1 µA. Kuika 165 µA pambali pa zimenezo nkutaya khama lonse.

Koma chonde yambani mwayeza bolodi lonse. Mabolodi ambiri otchipa ali ndi regulator ya AMS1117, yotsitsa ndi kukhazikitsa voltage, imene payokha imadya cha m'ma 5 mA, kuphatikiza ka LED kofiira kamene sikazima. Munthu amavutika kusaka thermistor ya 100k kuti apulumutse 150 µA pomwe regulator ikumwa kuchulukitsa ka 30. Chotsani kaye LED ndi regulator imeneyo, kenaka tikambe za thermistor.

Nanga bwanji osangoizimitsa pamene sikugwira ntchito?

Eya, funso limeneli ndiye lenileni, ndipo ndimafuna aliyense alifunse asanagule kalikonse. M'malo molumikiza mutu wa resistor ku 3.3V, ulumikizeni ku pini ya microcontroller, chip ija yoyendetsa makinawo. Chip ikadzuka imakweza pini, imadikira pang'ono, imawerenga, nkutsitsa pini, nkugonanso. Tiyerekeze kuti mwayatsa kwa 50 ms kamodzi pa mphindi. Ngakhale ndi 10k, 165 µA ija ikagawidwa pa mphindi yonse imatsala 0.14 µA, yochepa kuposa ya 1M yoyaka nthawi zonse. Palibe chimene mwagula, mwangosuntha waya mmodzi ndi kulemba mizere iwiri ya code.

Ndiye resistance yayikulu ikufunika pati? Ikufunika pamene simungazimitse. Mwachitsanzo ngati mukufuna kuti chip igone koma comparator, kachip koyerekeza ma voltage awiri, ikhale maso kuti iidzutse kutentha kukangopitirira, kapena ka alamu kopanda microcontroller nkomwe, kapena pa chitetezo cha batire la lithium pamene kutentha kumayang'aniridwa nthawi yonse imene likutchaja. Ikufunikanso ngati mukuwerenga pafupipafupi moti kuzimitsa sikukupulumutsa kanthu, komanso malo otentha kwambiri. Ine ndimachita zonse ziwiri, 100k komanso yozimitsidwa ndi pini, chifukwa tsiku limene code yasokonekera nkusiya pini ili mmwamba batire silitha msanga.

Pa nkhani ya lithium ndiwonjezepo ichi. Timabolodi totchajira ta TP4056 timene tadzaza ponseponse, chip yake ili ndi mwendo wa TEMP woikapo thermistor koma pa mabolodi ambiri otchipa mwendowo anangoulumikiza ku ground, ndiye kuti chitetezo cha kutentha palibe. Lithium safunika kutchajidwa pansi pa madigiri 0 kapena kupitirira cha m'ma 45. Kabokosi kakuda kali padenga la malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, pamene kunja kwenikweniko kwadutsa kale 40, mkati mwake mwapitirira malirewo kalekale.

Akuti thermistor imadzitenthetsa yokha, ndi zoona?

Ndi zoona. Kalenti ikamadutsa mu resistor iliyonse imatulutsa kutentha, ndipo thermistor singasiyanitse kutentha kwa mpweya ndi kwake komwe. Pa datasheet pamakhala nambala yotchedwa dissipation constant, kwa timikanda ting'onoting'ono mu mpweya wosayenda imakhala cha pa 1 mpaka 2 mW pa digiri. Ya 10k yolumikizidwa ndi resistor ya 10k pa 5V imatentha ndi 0.625 mW, ndiye ngati nambala ija ndi 1.5 ndiye kuti ikuwonjezera madigiri 0.4 pa choonadi. Ya 100k pa 5V yomweyo ikuwonjezera 0.04 yokha.

Wina anena kuti 0.4 si kanthu. Poyeza nyengo panja mwina si kanthu, koma mu incubator mazira a nkhuku amafuna cha pa 37.5 kwa masiku 21, ndipo ngati sensa ikuti 37.5 pomwe mpweya uli 37.1 anapiye amachedwa kuswa ndipo ena amatuluka ofooka. Chowawa nchakuti cholakwikachi sichikhazikika, fani ikamazungulira imaziziritsa kamkandako ndiye chimachepa, fani ikaima chimakula, moti simungangochotsera nambala imodzi mu code nkuiwala. Apa 100k imathandiza ngakhale makina anu ali pa magetsi a ESCOM ndipo za batire mulibe nazo ntchito.

Ndaika 100k pa Arduino koma manambala akudumphadumpha, yafa?

Sinafe ayi. ADC ya ATmega328P mkati mwake muli ka capacitor kakang'ono ka 14 pF kamene kamayenera kudzaza kaye chip isanawerenge, ndipo datasheet ikunena poyera kuti inakonzedwera gwero la 10k kutsika mmunsi. Pamene 100k ndi 100k, ADC imaziona ngati gwero la 50k. Zili ngati kutunga pa mpopi umene madzi akungodontha, mukatchera kapu nkuchotsa msanga mupeza theka, koma mukaika ndowa pansi pa mpopiwo kuti izidzaza payokha inu nkumatunga mu ndowamo kapu imadzaza nthawi yomweyo. Ndowayo ndi capacitor ya 100 nF, kaja kolembedwa 104, kuchoka pa pini ya ADC kupita ku ground, ndipo ikhale pafupi ndi chip osati ku mapeto a waya.

Koma mukaika capacitor komanso mukuyatsa ndi pini, muyenera kudikira kuti idzaze. 50k kuchulukitsa ndi 100 nF ndi 5 ms, ndipo kuti ADC ya 10 bit iwerenge molondola mudikire kasanu ndi kawiri ka nthawi imeneyo, 35 ms, ine ndimangoika 50. Mukawerenga msanga, ngati thermistor ili mmunsi, voltage imakhala isanakwere ndiye makina amanena kuti kukutentha kuposa mmene kulili. Ndipo kukazizira resistance imakwera, nthawi yodikiranso imatalika. Ngati 50 ms ikukuwonongerani batire ikani 10 nF, mudikira 5 ms basi.

Chinanso, mukamasintha kuchoka pa pini ina ya ADC kubwera pa ya thermistor, tayani nambala yoyamba muwerengenso kachiwiri.

Bwanji osangopita pa 1M kamodzinkamodzi?

Chifukwa cha chinyezi, ndipo apa ndipamene ambiri amagwa. Magetsi sasankha njira, akapeza kanjira kena pakati pa miyendo iwiri ya thermistor adutsa. Flux, mankhwala aja othandiza kuwotcherera, yotsalira pa bolodi, fumbi, mame a mmamawa, thukuta la zala, ngakhale nyerere zimene zafera pa bolodi, zonsezi zikanyowa zimapanga kanjira koteroko. Tinene kuti kanjirako ndi ka 10M. Pa thermistor ya 10k simungaone nkomwe. Pa 100k chikulakwika ndi 1 peresenti, kotala ya digiri. Pa 1M chikulakwika ndi 9 peresenti, madigiri awiri athunthu, ndipo nthawi zonse chimalakwikira mbali imodzi, makina amati kukutentha pomwe sikukutentha choncho.

Ndiye taganizani malo amene timaika zinthuzi. Mu incubator masiku atatu omaliza mumakweza chinyezi dala. Mu filiji madzi amachita mikanda pa chilichonse chozizira mukangotsegula chitseko, ndiponso mmenemo ya 100k yakwera kale kufika 260k, ndiye kanjira komweko ka 10M kakulakwitsa ndi theka la digiri. Nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi kabolodi kamene kamayenda bwino mu Seputembala kamayamba kunena zachilendo. Mukakatsegula mupeza timiyendo tachita zobiriwira pamene panawotchereredwa ndipo pakati pake pali kautoto koyera.

Tsukani bolodi ndi isopropyl ndi kamswachi kakale, liume bwinobwino, kenaka pakani vanishi ya mabolodi, ikasowa polishi ya zikhadabo yosaoneka mtundu imathandiza. Mwendo uliwonse wa thermistor muuveke heat shrink yakeyake, kenaka yayikulu yokhala ndi guluu mkati pamwamba pa yonse. Silicone imene imanunkha ngati viniga musaiyandikitse, imadya kopa. Zija zobwera kale mu kachubu ka chitsulo zimathandiza koma zotchipa madzi amalowera pamene waya akulowa mu kachubuko, ndiye pamenepo pasamire m'madzi.

Multimeter yanunso ndi kanjira ka 10M pamene mukuyeza voltage, ndiye pa 1M mita yokhayo ikusintha chimene mukuyezacho.

Waya wautali ali ndi vuto?

Pa resistance ya waya, apa ndiye 100k imawina mosavuta. Waya wa kopa wa 0.5 mm² pa mtunda wa mamita 50, kupita ndi kubwera mamita 100, ndi ma ohm 3.4. Pa PT100 ya mawaya awiri zimenezo ndi madigiri pafupifupi 9 olakwika, pa 100k palibe chimene mungaone.

Vuto ndi lakuti waya wautali wa resistance yayikulu amatola zinyalala za magetsi ena, makamaka 50 Hz ya magetsi a m'nyumba, inverter ya sola ndi mota ya fani. Gwiritsani mawaya awiri opotana, amodzi mwa aja a mu kebulo ya netiweki, musawayendetse mu paipi imodzi ndi a 230V, capacitor ija ikhalepo, ndipo mu code werengani kambirimbiri kwa 20 ms yathunthu nkutenga avareji, poti 20 ms ndi kuzungulira kumodzi kwa 50 Hz ndiye zokwera ndi zotsika zimafafanizana.

Resistor inayo ikhale ya zingati?

Ifanane ndi thermistor pa kutentha kumene mukufuna kuyeza kwambiri, osati pa 25. Pamenepo ndipamene voltage imasuntha kwambiri pa digiri iliyonse. Mu incubator ndi 100k B 3950 ikani 56k, mu filiji 270k, poyeza nyengo wamba 100k. Pa ADC ya 10 bit mumapeza manambala pafupifupi 11 pa digiri, ndiye kuti mukuona kusintha kwa 0.1. Ikhale ya 1 peresenti, zija zabuluu za metal film. Ya 5 peresenti payokha ingakulakwitseni ndi digiri yathunthu, chimodzimodzinso thermistor ya 5 peresenti.

Masamu ake ndi ovuta?

Ayi, ndi mizere iwiri. Ngati resistor ili pamwamba thermistor mmunsi, pa Arduino Uno: R = resistor × ADC ÷ (1023 − ADC). Kenaka 1/T = 1/298.15 + ln(R/100000) ÷ 3950, ndipo T ameneyo ndi wa Kelvin ndiye chotserani 273.15. Yesani ndi resistor ya 100k ndipo ADC yawerenga 378: 378 kugawa ndi 645 ndi 0.586, R ndi 58.6k, mukalowetsa mu mzere wachiwiri mupeza 37.5.

Onani kuti voltage ya batire sinalowemo mu masamuwo. Nchifukwa chakuti ADC ya Uno imayezera pa magetsi omwewo amene akudyetsa ma resistor, batire likamatsika zonse zimatsikira limodzi. Pa ESP32 sizili choncho, ADC yake ili ndi muyezo wakewake mkati, komanso siwongoka kumapeto onse awiri, ndiye muyenera kudziwa voltage yeniyeni ya pini yodyetsayo kapena kuika ADC yakunja ngati ADS1115.

Masamu a B amalondola bwino pa dera laling'ono. Ngati mukufuna kuchoka pa ayisi mpaka pa madzi owira ndi sensa imodzi gwiritsani a Steinhart–Hart, amene John Steinhart ndi Stanley Hart anatulutsa mu 1968 pa nkhani yoyeza kutentha kwa pansi pa nyanja. Amafuna manambala atatu amene mumawapeza poyeza pa malo atatu odziwika.

Ndingachotse sensa ya pa STC-1000 kapena W1209 nkuikapo ya 100k?

Ayi musatero. Timakina tiwiri tonseto, toyatsa ndi kuzimitsa heater potengera kutentha, tinakonzedwera 10k, mukaika 100k zidzaganiza kuti kwazizira koopsa ndiye heater siizima mpaka mazira kupsa, kapena zingoonetsa error. Ngakhale ya 10k inzake, ngati B yake ndi yosiyana, pa 25 zigwirizana koma pa 37.5 zisiyana. Sensa ikafa sakani yofanana ndendende ndipo muiyesenso musanaike mazira.

Ndingazule thermistor ku zinthu zakufa?

Zimapezeka ndithu, m'mabatire a laputopu, m'ma air conditioner, m'ma printer a laser ndi ma photocopier pa gawo lija lotentha. Vuto ndi lakuti simudziwa B yake, ndiye muiyeze pa malo awiri odziwika kutentha nkuwerengera nokha. Za 100k zodziwika bwino ndi za ma 3D printer, monga Semitec 104GT-2, ndi za galasi za MF58 zimene zimaoneka ngati ka diode kofiirira kopanda mzere wakuda. Kambale kakuda kapena kobiriwira kolembedwa 5D-9 kamene kali mu power supply ya kompyuta nako ndi NTC koma ndi ka ma ohm 5, ntchito yake nkuchepetsa kalenti poyatsa, sikoyezera kutentha.

Ndidziwa bwanji kuti ikunena zoona?

Ayisi ndiye mboni yosanama. Phwanyani ayisi wambiri mudzaze kapu, thirani madzi pang'ono kungoti adzaze mipata, takasani, dikirani mphindi zingapo, pamenepo ndi madigiri 0. Sensa ikhale pakati pa ayisi yosakhudza kapu, ndipo ikhale yomatidwa kale, apo ayi mukuyeza madzi amene alowa pa miyendo.

Madzi owira samalani nawo. Amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere basi, mukamakwera amatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba pang'ono pa mamita 1,000 ndiye madzi amawira cha pa 96.5, ku Dedza cha pa 95, ku Nsanje ndiye pafupi ndi 100. Munthu wa ku Lilongwe akauza code yake kuti madzi owira ndi 100 ndiye kuti walowetsa yekha cholakwika cha madigiri atatu ndi theka.

Kwa a incubator njira yabwino koposa ndi thermometer ya digito yoyezera odwala, ya ku pharmacy, chifukwa inapangidwira dera lomwelo la 35 mpaka 42. Ikani madzi ofunda mu fulasiki, mangani sensa ndi thermometer pamodzi ndi labala, takasani, yerekezani. Kusiyana kumene mwapezako mulembe mu code.

Nanga DS18B20 ndi zinzake sizabwino kuposa?

DS18B20, sensa ya digito imene imatumiza nambala yokha ku chip, ndi yabwino, imabwera yoyesedwa kale, yolondola mpaka 0.5 kuchokera -10 kufika 85, ndipo chinyezi chochepa sichiisokoneza ngati mmene chimachitira ndi 100k. Koma imafuna 3V kupita mmwamba, pomwe CR2032 imatsika pansi pa 3V isanathe nkomwe, ndipo pa 12 bit imatenga 750 ms ikudya cha m'ma 1 mA. Zabodza zake zachulukanso pa msika. LM35 imafuna 4V ndipo imadya cha m'ma 60 µA. TMP117 ya Texas Instruments ndi yolondola mpaka 0.1 ndipo imadya ma µA ochepa, kungoti mtengo ndi kupezeka kwake ndi nkhani ina. Kampani yomweyo ili ndi TMP63, thermistor ya silicon ya 100k imene resistance yake imakwera ndi kutentha pafupifupi mowongoka, masamu amaphweka ndipo kukatentha kalenti siikwera ngati pa NTC, koma imasuntha pang'ono pa digiri, cha pa 0.6 peresenti.

Thermistor wamba imawina pa mtengo, pa kuchepa thupi moti imamva kusintha msanga, komanso imagwira pa voltage iliyonse imene chip yanu ikugwira.

Ndingaike yopanga ndekha mu filiji ya katemera?

Ngati alamu yowonjezera inde, koma isalowe m'malo mwa zoyezera zovomerezeka monga Fridge-tag zimene azaumoyo amagwiritsa. Katemera ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ena monga wa kafumbata ndi wa hepatitis B akaundana amawonongeka osaoneka ndi maso. Kumbukirani kuti chinyezi chimapangitsa NTC kunena kutentha kopitirira, ndiye sensa yonyowa ingamati 3 pomwe mkati mwafika pa 0, mbali yoopsa yeniyeniyo. Mu code ikaninso malire, ADC ikawerenga pafupi ndi 0 kapena 1023 ndiye kuti waya waduka kapena wagundana, alamu ilire osati kuonetsa nambala.

Mu freezer ndi m'balani ya fodya ndiike iti?

Sankhani potengera resistance imene idzakhale nayo pamalopo. Mu freezer pa -20 ya 100k yasanduka 1M ndi mavuto onse a chinyezi aja, pomwe ya 10k ili cha m'ma 100k, ndiye 10k ndi imene yakhala yosadya batire kumeneko. Kotentha zimatembenuka, pa madigiri 100 ya 10k yatsala ma ohm 700, ikudya kalenti ndi kudzitenthetsa, nchifukwa chake ma 3D printer amene amadutsa 200 amaika 100k.

M'balani ya fodya wa flue mumayambira m'ma 30 pofiiritsa tsamba nkumakwera mpaka cha m'ma 70 poumitsa mitsempha ya pakati pa masamba, ndiye 100k yokhala ndi resistor ya 33k kapena 39k imakwana dera lonselo. Tengani ya galasi, ndipo waya wa mkati mwa balani akhale wa silicone chifukwa PVC wamba pa 70 wafika kale pa malire ake ndipo amauma nkusweka. Masiku oyamba tsamba likutulutsa madzi m'balani mumakhala chinyezi chadzaoneni ndiye kumata kuja musakuchite mwachidule. Sensa ipachikidwe pakati pa fodya, kutali ndi mapaipi a moto, ndipo ngati mukufuna kuyeza pa paipi penipenipo thermistor siingapirire, pamenepo pakufunika thermocouple ya mtundu wa K ndi kabolodi ka MAX6675.